Momwe mungasankhire galimoto ya banja muno mu Lilongwe ndi kuikonza kuti igwirizane ndi pakhomo panu

Galimoto yanga yoyamba ndinagula ndi maso, mutu ndinausiya kunyumba. Kanali kasaluni kakuda, kotsika, marimu akuwala ngati ziwiya za pa ukwati, ndipo tsiku lomwe ndinafika nako ku Area 25 anyamata a kabaza pa siteji anachita kuimba mluzu, ine mtima myaa. Kenako inabwera mvula ya December. Msewu wolowera kwathu ndi wa dothi, tala anathera ku msewu waukulu, nde m'mawa uliwonse pansi pa galimoto pamalira khooo pa kamlatho ka pa geti, ana atatu atapanikizana kumbuyo akulimbirana windo. Chinandimaliza ndi tsiku lomwe apongozi anabwera kuchokera ku Dowa ndi matumba awiri a chimanga, dengu la mbatata ndi tambala wamoyo, ine kukawatenga ku depoti. Buti inakana kutseka, kumbuyo kunakhala pansi, mpakana ndinachita kuitana kabaza kuti anyamule thumba limodzi azitilondola. Madam sananene kanthu, anangondiyang'ana basi, amene muli pa banja mukukudziwa kuyang'ana kumeneko. Chisanathe chaka ndinakagulitsa moluza.

Nde abambo anzanga, ngati mwasonkhanitsa kangachepe ndipo mukufuna ya banja, tsatani izi mwa ndondomeko yake, musayambire kumapeto ngati ine.

Choyamba, werengani mitu

Banja la kuno silithera pa inu, mayi ndi ana. Pali mphwanu amene akuphunzira sekondale akukhala kwanu, pali mtsikana wothandiza pakhomo, pali apongozi, Lamulungu pali aneba opita tchalitchi chimodzi, osanena za maliro ndi chinkhoswe komwe galimoto yanu imasanduka ya mtundu wonse. Ngati ana ndi awiri ndipo mumangozungulira m'tauni, Vitz, Passo, Note, Ractis kapena Fit zikukwanirani. Akafika atatu yambani kuganiza za mipando seveni: Sienta ndi Freed zambiri zili ndi injini ya 1500cc, Wish zambiri ndi 1800cc, Noah, Voxy ndi Serena ndi 2000cc.

Koma seveni wa Sienta musamukhulupirire kwambiri. Timipando takumbuyo tija ndi ta ana, munthu wamkulu akakhala pamenepo kuchoka pano kukafika ku Ntcheu amatsika miyendo itachita dzanzi, komanso mukatidzutsa buti imatha, pamatsala malo a zikwama ziwiri za sukulu. Noah ndi Voxy ndiye zimanyamuladi anthu ndi katundu pamodzi, koma ku filing'i station mumamva. Njira yosavuta ndi kupempha mnzanu amene ali nayo kale, Loweruka lina mukweze banja lonse, madam ayendetseko ngati ali ndi layisensi chifukwa masiku ambiri opita ndi ana kusikelo kapena ku msika woyendetsa adzakhala iwowo. Zitseko zokoka zija ndi zabwino kwabasi pa ana, samenyetsa chitseko pa galimoto ya eni ake pa paking'i ya ku Gateway. Chokhacho dziwiranitu, mukagula Sienta anthu m'mbali mwa msewu azikuimitsani kuyesa taxi, ena kuchita kutsegula okha chitseko mutaima pa robot.

Chachiwiri, ganizirani msewu woipitsitsa womwe mumayenda sabata iliyonse

Ndati sabata iliyonse dala. Abambo ambiri timagula chigalimoto chachikulu pa chifukwa choti kumudzi msewu ndi woipa, pomwe kumudziko timapita kawiri pa chaka, masiku ena onsewo chili pa mzere wa m'mawa pa Kanengo kapena pa mlatho wa Lilongwe chikungomwa petulo chitaima. Ndipo tonse tinagonapo pa mizere ya mafuta zaka zapitazi, amene anali ndi injini zazikulu anauona mwezi kutalika. Ngati mumakhala ku Area 49, Chinsapo, Area 36 kapena 25 mkati mwenimweni komwe dzinja kumakhala matope, chofunika ndi kutalika kwa pansi pa galimoto. Gwadani muyang'ane. 4WD yolembedwa kumbuyo siikweza galimoto ayi, Sienta ya 4WD imakhulabe pa hampu ngati inzake. Amene kumunda kapena kumudzi ndi kwa mwezi ndi mwezi, X-Trail kapena RAV4 ndi zomveka, Hilux ya double cab ngati thumba likulola, koma enanu Noah yokhala ndi matayala abwino ikufikitsani.

Chachitatu, mtengo wa pa intaneti si mtengo wa galimoto

Apa ndi pomwe ambiri timagwera. Mukaona mtengo pa BE FORWARD kapena SBT, onetsetsani ngati ndi wa galimoto yokha ili ku Japan kapena waphatikiza kale sitima mpaka ku Dar es Salaam. Ikafika ku Dar pali zolipira za pa doko, pali dalaivala ndi mafuta oibweretsa mpaka pa Songwe, pali ejenti wokiliya, kenako msonkho wa MRA umene umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, ndipo nthawi zina umayandikira mtengo womwe munagulira. Yakale kwambiri imaoneka yotchipa pa foni koma pa boda imakubwezerani. Funsani a MRA kapena ejenti wovomerezeka musanatumize dola ngakhale imodzi, osati galimoto itafika kale ikuwerengeredwa masiku. Kumbukiraninso kuti zonsezi zimayendera dola, mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, amene galimoto zawo zinali pa nyanja nthawi imeneyo anachita kukongola kuti azitulutse.

Chinanso chomwe ine ndimachita tsopano: ndisanasankhe mtundu, ndimayenda wapansi pa Biwi ndi ku Malangalanga kufunsa mitengo ya mashoko, nyali yakutsogolo, galasi lakutsogolo ndi giyabokosi ya galimoto imeneyo. Wogulitsa akayankha kuti "ziliko bwana, mukufuna yatsopano kapena ya kaunjika", galimotoyo ndi yabwino kwa munthu wa banja. Akayamba kukanda mutu n'kumati tiitanitsa ku Joni kapena ku Dubai, ithaweni olo ikongole bwanji, idzakhala miyezi iwiri pa miyala ana akukwera minibasi. Nchifukwa chake Toyota yadzadza mu mzinda muno, si kuti tonse timaikonda.

Ndipo musathere ndalama yonse pogula. Siyani ina pambali ya sevisi, matayala ndi mapepala, galimoto yobwera kumene imadya mwezi woyamba.

Chachinayi, ngati mukugula pompano, pitani ndi makaniko wanu

Wanu, osati amene wogulitsa wakuitanirani. Pitani m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa yotentha imabisa matenda. Ikamalira yang'anani utsi, wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo. Tsegulani chotsekera oyilo, mukaona zoyera ngati chambiko mkati madzi akulowa mu injini, musapitirize nkomwe. Mukatembenuza kiyi nyali zonse za pa dashibodi ziyake kenako zizime, ya airbag kapena ya injini ikapanda kuyaka ndi pang'ono pomwe wina anaichotsa babu. Makilomita olembedwa aja anthu amabweza, nde yerekezani ndi chiwongolero, mapedulo ndi mpando wa dalaivala, galimoto ya 60,000 km singakhale ndi pedulo yoperepeseka. Suzumirani pansi muone dzimbiri, zina zimachokera ku madera a chipale ku Japan komwe amathira mchere m'misewu.

Iyendetseni pa msewu wa mabampu mawindo atatsekedwa wayilesi itazimitsidwa, kenako pa tala muipatse moto pang'ono. Zambiri mwa galimoto za mabanjazi zili ndi giyabokosi ya CVT, mtundu wa otomatiki wosamveka kusintha magiya, ikamanjenjemera ponyamuka kapena kulira ngati mluzu, imeneyo ndi ndalama zambiri zikubwera. Ngati ndi hybrid, makaniko aike kompyuta aone batire lalikulu lija.

Chachisanu, mapepala

Nambala ya chassis pa galimoto ifanane ndi ya pa blue book, dzina la pa blue book lifanane ndi chiphaso cha amene akukugulitsani. Kusintha umwini chitani limodzi ku Road Traffic musanamalize kulipira, zoti "tidzasintha bwana, mwini wake ali ku Mzuzu" ine zinandisowetsa tulo miyezi inayi pa kasaluni kaja. COF ndi inshuwalansi zikhale zamoyo, third party ndiye yokakamiza mwa lamulo, koma ngati galimotoyo mwatengera loni, comprehensive ndi bwino.

Tsopano kuikonza, ndipo yambirani pansi

Ndikudziwa, mtima umafuna kuthamangira tinti, marimu ndi sabuufa. Dikirani kaye. Tsiku loyamba ipite ku sevisi: oyilo, mafyuluta onse, mabuleki, madzi a mu rediyeta, ndipo ngati giyabokosi ndi ya CVT oyilo wake akhale weniweni wolembedwa pa galimoto yanuyo, osalola mnyamata wa pa galaja kuthiramo ATF wamba, oyilo wa giyabokosi za otomatiki zina.

Kenako matayala. Zambiri zimabwera ndi matayala a nyengo yachisanu ya ku Japan, ofewa, a timizere tambirimbiri, amaoneka atsopano koma pa tala wotentha wa October wopita ku Salima amatha msanga ndipo buleki sagwira bwino. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka, 2318 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2018. Lopitirira zaka sikisi lichotseni olo mano akadalipo. Marimu akuluakulu a matayala opyapyala aja asiyireni anyamata osakwatira, dzenje limodzi la pa M1 limapinda rimu. Onaninso sipeya, zina zimabwera ndi kakang'ono kongokufikitsani pa okonza matayala, zina zilibiretu, mumangopeza kabotolo ndi kapampu. Gulani rimu ndi tayala lathunthu, jeke yogwira ndi sipanala, matrayango awiri, kozimitsira moto ndi tochi.

Za kukweza galimoto, amakaniko ambiri amaika ma spacer kapena masipuling'i olimbirapo kumbuyo. Zimathandizadi pa mahampu ndi matumba a chimanga, koma pang'ono pokha, masentimita awiri kapena atatu, mukaonjeza imayamba kupepera pa kona ndipo ma CV joint, mfundo za zitsulo zozunguza matayala, amatha msanga. Mukakweza pangitsani alignment tsiku lomwelo. Chomwe ine sindidandaula nacho ndi chitsulo chotchinga pansi pa injini chomwe anandiwotcherera, mwala unachimenya ku Mitundu mpaka chinapindika koma sampu, mosungira oyilo pansi pa injini, inapulumuka. Kariya ya pamwamba ndi yothandiza pa ulendo wa Khirisimasi, koma ikanipo zopepuka monga matiresi ndi zikwama, chimanga chikhale pansi mkati, ndipo mukabwerako ichotseni chifukwa imamwetsa mafuta.

Mkati, komwe kumakhala ana

Pa m'mphepete mwa zitseko zakumbuyo pali kabatani ka child lock, kakankheni lero lomwe, mwana wa zaka zitatu amatsegula chitseko galimoto ikuthamanga. Mawindo akumbuyo akhomeni pa batani la dalaivala. Malamba onse ayeseni limodzi limodzi, ena amakhala atakwiririka pansi pa mpando chibwerereni ku Japan. Nkhani yofukata khanda kutsogolo ija tiisiye abale, airbag ikaphulika imamenya mwanayo, ndipo pa ngozi palibe mkono wa mayi womwe ungamugwire. Mpando wa mwana umapezeka ngakhale pa kaunjika, onani kuti malamba ake ndi athunthu ndipo pulasitiki sinang'ambike, muumange kumbuyo, wa khanda uyang'ane chakumbuyo. Pisani dzanja pakati pa mpando ndi chotsamira, mukakhudza timbedza tiwiri tachitsulo imeneyo ndi ISOFIX, galimoto zambiri zopangidwa kuyambira 2012 zili nato, ndipo mpando wogwirizana nato umangolowa kuti thwa osavutika ndi lamba.

Mipando iphimbeni ana asanaidziwe. Telala wa zamipando akusokerani makava, sankhani a nsalu yolimba yochapika, achikopa chabodza aja amawotcha ntchafu galimoto ikakhala padzuwa, ndipo ngati m'mbali mwa mpando mwalembedwa airbag muuzeni asatseke mbali imeneyo. Pansi ikani mamati a labala, mu buti yalani lona kapena chidutswa cha kapeti ya pulasitiki chifukwa tsiku lina mudzanyamula usipa wa ku Senga Bay, fungo lake likalowa mu kapeti yeniyeni limatha chaka. Tinti ikani yopepuka kumbuyo kokha yotchingira ana dzuwa, yakuda bii imakuvutitsani pobwerera m'mbuyo usiku komanso pa rodibuloko mumachedwa nayo. Kamera yakumbuyo ngati mulibe ikitsani, Noah ndi yaitali ndipo mwana wokwawa pabwalo simungamuone pa galasi.

Wayilesi ndiye yomalizira. Ya ku Japan imathera pa 90 FM pomwe masiteshoni ambiri a kuno ali pamwamba pa pamenepo, nde mwina muikitse ka expander kothandiza kuti igwire masiteshoni a kuno kapena musinthe yonse muike ya Bluetooth, yomwe nthawi zina imathetsanso mawu a mayi wa Chijapani uja amene amakupatsani moni m'mawa uliwonse mukaliza galimoto. Wamagetsi wake akhale wodziwa, osati wodula mawaya ndi mano n'kumata ndi pepala la shuga. Yathu ana anakana kuti tisinthe, akuti amamukonda mayiyo, moti wamng'ono uja amamuyankha kuti "tadzuka bwino kaya inu" tisanatuluke pa geti.