Kuchotsa hard disk n'kuikamo SSD: mmene ndimachitira

Laputopu ikayamba kuchedwa kuyaka, musafulumire kugula ina. Kawirikawiri vuto limakhala hard disk. Mkati mwake muli timbale tozungulira maulendo 5400 kapena 7200 pa mphindi, ndi kamkono koyendayenda kufunafuna fayilo. SSD ilibe chozungulira chilichonse, zonse imasunga m'timachipu. Hard disk ya laputopu imawerenga cha m'ma 100MB pa sekondi, pamene SSD ya SATA (mtundu wa polowetsa pamene hard disk imalumikizidwa) imafika pafupifupi 550MB.

Musanagule, tsegulani kunsi kwa makina muone polowetsa. Mukapeza disiki ya mainchesi 2.5, gulani SSD ya SATA yofanana nayo. Mukapeza kampata ka M.2, kolowetsamo SSD yaing'ono yopyapyala, fufuzani kaye ngati kamalandira NVMe, mtundu wa SSD wothamanga kuposa SATA, chifukwa si konse kamene kamatero.

Za kukula, ine sindilangiza munthu kugula ya 128GB. Windows ndi mapulogalamu zimatha malo msanga, ndipo SSD ikadzaza imayamba kuchedwa polemba. Yambirani pa 500GB, ndipo gawo limodzi mwa magawo khumi lizikhala lopanda kanthu. Mukailumikiza mudzaona 465GB. Sanakubereni ayi: opanga amawerengera ndi 1000, Windows ndi 1024.

Ambiri amaopa kuti SSD imatha msanga. Zoonadi timachipu timatha tikamalembedwa mobwerezabwereza, koma yang'anani nambala ya TBW, yosonyeza kuchuluka kwa zinthu zimene mungalembe mu SSD pa moyo wake wonse. Samsung 870 EVO ya 500GB analembapo 300TBW, kutanthauza materabaiti 300 (terabaiti imodzi ndi 1000GB). Wolemba 20GB tsiku lililonse angathe zaka zoposa 40 asanafike pamenepo.

Posamutsa zinthu, ndimalumikiza SSD yatsopano ndi kachingwe ka USB kupita ku SATA, n'kukopera disiki yonse ndi Clonezilla, pulogalamu yaulere. Ikakufunsani disiki yochokera ndi yolandira, werengani mayinawo kawiri. Mukazisemphanitsa, yopanda kanthu ija imafufuta yanu. Ngati yakaleyo ndi yaikulu kuposa SSD, yambani mwachepetsa partition yake, gawo la disiki limene muli Windows ndi mafayilo; zikavuta, kuika Windows mwatsopano n'kosavuta. Kenako zimitsani makina, chotsani batire ngati imachoka, masulani timasikulu, sinthani. Mukatero iwalani za defrag, kusanja zidutswa za mafayilo kumene kumathandiza hard disk. SSD imafuna TRIM, njira yoiuzira malo amene mafayilo afufutidwa, ndipo Windows imachita yokha kuyambira pa Windows 7.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi imfa ya SSD. Hard disk ikamafa nthawi zambiri imachenjeza: imalira tiki tiki, mafayilo amakana kutseguka. SSD imatha kugwira bwinobwino madzulo, m'mawa makina osaiona n'komwe, ndipo kupulumutsamo zithunzi ndi zikalata kumavuta kwambiri. Komanso si yoponya m'dirowa zaka zambiri osailumikiza, chifukwa mphamvu yosunga zinthu m'timachipumo imatuluka pang'onopang'ono.

Choncho hard disk yakale ija musaitaye. Ioneni kaye ndi CrystalDiskInfo, pulogalamu yoyeza thanzi la disiki. Ikalemba kuti Good, iikeni m'kabokosi ka USB, muzikoperamo zofunika sabata iliyonse, mukatha muziizula.