Munaiyesa nthawi ya chiperoni, n'chifukwa chake ikuthima mu Okutobala

Chiyambireni Okutobala, dandaulo la m'mashopu a makompyuta pa Chitakale, pa Limbuli ndi pa Luchenza ndi limodzi. Kompyuta ikuthima yokha dzuwa likamaswa mtengo, kapena ikuonetsa sikirini ya buluu vidiyo ya ukwati isanathe kutuluka. Eni ake ena akuloza chala magetsi, ena akuti ndi vayirasi. Koma mukalowa mu BIOS, momwe mumasinthidwa kayendedwe ka zida za mkati mwa kompyuta, mupeza multiplier (nambala yokwezera liwiro la purosesa) inakwezedwa, voliteji ya magetsi opita ku purosesa ili pa Auto, ndipo mukafunsa kuti anaiyesa liti, akuuzani kuti mu Julaye, usiku, kwa mphindi khumi.

Kuthamangitsa purosesa, ubongo wa kompyuta, kuposa liwiro limene inabwera nalo, zija anyamata amati overclock, palibe akukuletsani. Cholakwika n'kuiyesa nthawi ya chiperoni, inu mutavala juzi, n'kuganiza kuti ntchito yatha.

Fani ilibe mphepo yakeyake. Imangokoka mpweya wa m'chipinda momwemo n'kuupititsa pa heatsink, chitsulo chochotsa kutentha pa purosesa. Chipinda chikatentha ndi madigiri 15, purosesa nayo imakwera ndi madigiri pafupifupi omwewo. Tiyerekeze kuti mu Julaye m'shopu munali madigiri 18, purosesa inafika 82 pa mayeso, inu n'kunena kuti zili bwino. Lero pansi pa malata omwewo pali 34. Purosesa ija ili pa 98. Core i5-2500K, ija inatuluka mu 2011, malire ake ndi 98 yomweyo. Ma Intel ambiri ali chapafupi ndi 100, ma Ryzen ambiri 95. Ikafika pamenepo imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Ndiye BIOS ikulemba 4.5 GHz, mwini wake akunyada, pomwe vidiyo ikuchedwa kutuluka kuposa ya mnzake amene sanakhudze kalikonse.

Kuchedwako ndi nkhani yaing'ono. Purosesa ikatentha imadontha magetsi ambiri mkati mwake, kudonthako kumawonjezera kutentha, ndipo voliteji imene inkakwanira pa madigiri 75 imayamba kuperewera pa 95. Nthawi zina imathima kapena kulemba WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR, ndipo apo ndiye yakuchitirani chifundo chifukwa mwadziwa. Nthawi zina siithima. Imangolakwitsa samu imodzi pa mamiliyoni, n'kulemba zolakwikazo pa disiki mwakachetechete. Mumadzazindikira tsiku limene fayilo yakana kutseguka.

Zinamuonekera mlimi wina wa tiyi chakumtunda kwa Makwasa, amene ndi mlembi wa kalabu. Makilo a masamba a mamembala ndi ngongole za feteleza ankazisunga pa kompyuta ya pakhomo. Mphwake, wokonda masewera a mpira a pa kompyuta, anaikweza mu Juni, nainena kuti tsopano ikuuluka. Mwezi uno fayilo ya kalabu yafa, Windows nayo ikungozungulira osalowa. Bamboyo wayenda ndi kope khomo ndi khomo kutolera malisiti, ndipo mamembala ena ayamba kale kumuyang'ana ndi diso lina ngati wadya ndalama. Atamva chimene chinachitika, anangodabwa kuti mnyamata wopita kusukulu sadziwa zimene aliyense wa ku nazale amadziwa, kuti mbande amazichotsera mthunzi pang'onopang'ono kuti zizolowere dzuwa asanakaziwoke.

Chotopetsa n'chakuti zizolowezi zake ndi zomwezomwezo chaka ndi chaka. Munthu akuonera YouTube, akukopera manambala a munthu wa ku Ulaya amene ali ndi kula (choziziritsira purosesa) ya madzi m'nyengo ya chisanu, iye ali ndi kafani kaja kobwera m'bokosi. Mapurosesa awiri a dzina limodzi safanana. Ina ikhazikika pa 1.25 V, inzake ifuna 1.33 V pa liwiro lomwelo. Wina amasiya voliteji pa Auto poganiza kuti motherboard, bodi imene pamakhala purosesa, ndi yanzeru, chonsecho ambiri mwa mabodi amenewa amathira voliteji yopitirira muyezo mukangokweza multiplier. Kutentha kumakwera motsatira voliteji yochulukitsidwa ndi iyo yomwe: kuchoka pa 1.20 V kufika pa 1.35 V ndi kutentha koonjezera pafupifupi 27 pa 100, liwiro musanaliwerengere n'komwe. Voliteji yambiri pamodzi ndi kutentha zimadya tinjira ta mkati mwa purosesa, moti pakapita miyezi imafuna voliteji yoposa kale kuti igwire liwiro lomwe lija. Zimenezo sizibwerera, ngakhale mutaitengera ku Limbe.

Ndiye pali ena ochotsa chitseko cha m'mbali n'kulozetsamo fani ya patebulo. Mukungothiramo fumbi la mumsewu. Tsegulani muone: heatsink yatsekeka ngati yavala bulangete, thermal paste, phala lopaka pakati pa purosesa ndi heatsink, yauma ngati nkhoko za mumphika wa nsima. Za opakapo mankhwala otsukira mano tisayambe n'komwe.

Eni ma Dell OptiPlex ndi ma HP a m'maofesi aja, BIOS yanu ndi yotseka, isiyeni. Pa Intel pamafunika purosesa ya chilembo K ndi bodi ngati Z77 kapena Z97. Pa Ryzen bodi ya B450 kapena X470 imalola, ya A320 ayi. Laputopu musayerekeze n'komwe kuikweza.

Kwa amene mwakweza kale, koperani kaye mafayilo anu pa fulashi. Bwezerani BIOS pa default, momwe inabwerera, pemererani fumbi, pukutani paste yakale mupake ina, kadontho kukula ngati nandolo pakati. Mayeso muchite cha m'ma 2 koloko masana, m'chipinda chomwe kompyutayo imagwirira ntchito, bokosi lili chitsekere. Tsegulani pulogalamu ya HWiNFO kuti muziona kutentha, ndipo muyendetse Prime95, pulogalamu yoyesera purosesa, pa mayeso ake a Small FFTs kwa mphindi 30 musanakweze chilichonse. Purosesa ikadutsa madigiri 80 ili pa default, vuto ndi kula, gulani kaye yabwino. Ikakhala pansi, ikani voliteji pa Manual, kwezani multiplier ndi 1, kumene kuli 100 MHz, muyesenso. Ikalephera mayeso onjezerani 0.01 kapena 0.02 V basi. Pa ma Intel akalewa musadutse 1.35 V, ndipo ikafika madigiri 85 imani pomwepo ngakhale voliteji ikadali ndi malo. Prime95 imawerengera masamu amene mayankho ake ndi odziwika kale, choncho worker mmodzi, kutanthauza limodzi mwa magawo amene akuwerengera masamuwo, akaima n'kulemba error, mwalephera, kaya sikirini ikuoneka bwino chotani. Mukapeza pokhazikika bwererani sitepe imodzi m'mbuyo, muisiye pa Blend, mayeso ena a Prime95, maola sikisi odutsa masana. Ngati munakhudza RAM, pulogalamu yoyesera RAM ya MemTest86 idutse kanayi. Magetsi akathima pakati, mayeso amenewo sawerengedwa, yambiraninso. Amene ali ndi UPS, batire yosunga magetsi akathima, aigwiritse ntchito. Kompyuta ikakana kuyaka, zulani chingwe kukhoma, chotsani batire ya CR2032 pa motherboard kwa mphindi zisanu, ibwezereni.