Kukweza malire a masoketi mu Linux popanda kumaliza memory

Seva ikayamba kulemba kuti "Too many open files", musathamangire kukweza manambala onse nthawi imodzi. Yambani mwafufuza kuti chadzaza n'chiyani.

Kernel ya Linux, phata lake lomwe limayendetsa makina, imawerenga soketi iliyonse (khomo lomwe pulogalamu imalumikizanirapo ndi ina pa netiweki) ngati fayilo yotsegula, ndipo pulogalamu imodzi kawirikawiri imaloledwa mafayilo 1024 okha. Malire enieni a pulogalamu yomwe ikuyenda mumawaona mu /proc/PID/limits (PID ndi nambala ya pulogalamuyo). Ngati imayambitsidwa ndi systemd, pulogalamu yoyambitsa ndi kuyang'anira ma service, kusintha /etc/security/limits.conf n'kungodzivuta, chifukwa fayilo imeneyo siwerengedwa pamenepo. Lembani LimitNOFILE=65536 mu fayilo ya service, chitani systemctl daemon-reload, kenako muyambitsenso pulogalamuyo. Nambalayo isapose fs.nr_open, malire apamwamba omwe kernel imalola pulogalamu imodzi.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa memory. Soketi iliyonse ya TCP ili ndi posungira zobwera ndi zotuluka, ndipo kukula kwake kumalamulidwa ndi net.ipv4.tcp_rmem ndi tcp_wmem, zomwe manambala ake ndi mabayiti. Koma net.ipv4.tcp_mem, malire a masoketi onse pamodzi, ili ndi manambala atatu owerengedwa m'masamba a memory, ndipo pa x86 tsamba limodzi ndi mabayiti 4096. Choncho 262144 ndi 1 GB yathunthu. Mukalembamo mabayiti poganiza kuti n'chimodzimodzi, malirewo mwawachotseratu, ndipo memory ikatha OOM killer, gawo la kernel lomasula memory, iyamba kupha mapulogalamu.

Werengerani musanasinthe. Masoketi 100000, iliyonse itasunga mabayiti 131072, adya pafupifupi 13 GB. N'zoona kuti memoryyo imatengedwa pokhapokha zinthu zikaunjikana, koma tsiku lomwe pulogalamu yachedwa kuwerenga, zimaunjikana ponseponse. Onani nambala ya mem mu /proc/net/sockstat, nayonso ili m'masamba, muifanizire ndi nambala yachiwiri ya tcp_mem: ikadutsa pamenepo kernel imayamba kufinya masoketi. Ikafika pa yachitatu, dmesg, yomwe imaonetsa mauthenga a kernel, imalemba "TCP: out of memory".

Olemba mapulogalamu asamaike SO_RCVBUF (kukula kwa posungira zobwera pa soketi) mwachisawawa. Kernel imachulukitsa nambalayo kawiri, n'kusiya kudzisinthira yokha kukula kwa posungirapo, ntchito yomwe imaigwira bwino kuposa ife.

Mzere wa olumikiza omwe akudikira kuti pulogalamu iwalandire umadulidwa ndi net.core.somaxconn, yomwe inali 128 mpaka kernel 5.4 inaikweza kufika 4096. Musaikhudze pokhapokha ListenOverflows (nambala ya nthawi zomwe mzerewo wasefukira) ikukwera mu nstat, lamulo loonetsa ziwerengero za netiweki. Zomwe mwasintha muzilembe mu /etc/sysctl.d/ n'kuchita sysctl --system, apo ayi zidzafufutika makina akadzazimitsidwa.