Nyumba zikatsika mtengo ku Chipata, Mmalawi wa lendi ayambire pati

Ku Chipata, m'dziko la Zambia, mtengo wa nyumba umayendera limodzi ndi zokolola. Chigawo cha Kummawa chimadalira chimanga, soya, mtedza, thonje ndi fodya, ndiye mvula ikadula ndalama imauma m'tauni monse. Tinaziona mu nyengo ya 2023/24, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February 2024 kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Wa golosale ku Kapata amangoyang'ana katundu pa shelefu, wa lole alibe matumba onyamula, ndipo amene anamanga nyumba ndi ngongole amayamba kusowa tulo. Mtengo umene mwini nyumba amatchula poyamba sutsika kawirikawiri, anthu amasunga ulemu wawo. Chimene chimasintha n'chakuti uja ankakuyankhani monyada chaka chatha tsopano akukuimbirani yekha, akuvomera kuchotsera, mwinanso kulandira ndalama pang'onopang'ono. Kwa munthu amene watha zaka akupereka lendi, iyi ndi nthawi yabwinodi yogula. Koma Mmalawi ali ndi funso loti ayankhe za mtengo zisanayambe: kodi lamulo la Zambia likumulola kukhala mwini malowo?

Funsoli ambiri timalilumpha chifukwa ku Chipata sikumveka ngati kunja. Chinenero n'chomwecho, Kalonga Gawa Undi wa ku Mkaika ndi mfumu ya Achewa a mbali zonse za malire, ndipo maliro a ku Mchinji timapita m'mawa n'kubwerako madzulo kudzera pa malire a Mwami. Koma ku unduna wa za malo safunsa mfunda wanu, amafunsa reji yobiriwira, chiphaso cha mzika ya Zambia. Lamulo la Lands Act la 1995 limati malo onse a m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti, amene amawasungira anthu a dzikolo, ndipo chimene munthu amapatsidwa ndi lizi, kawirikawiri ya zaka 99. Amene si mzika amaloledwa pokhapokha akakhala m'magulu ochepa amene lamulolo latchula. Okhudza anthu wamba ngati ife ndi awa: amene ali ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo, amene boma lamuvomereza kuti ndi wodzayika chuma, amene walandira chilolezo cholembedwa ndi Pulezidenti mwini, kampani imene masheya ake oposa 75 pa 100 alionse ndi a anthu a ku Zambia, komanso amene walandira malowo ngati chuma chamasiye. Kubwereka nyumba kwa zaka zosapitirira zisanu n'kololedwa kwa aliyense, n'chifukwa chake za lendi palibe anakuvutitsanipo.

Taonani zimene palibe pamenepo. Chilolezo chogwira ntchito palibe. Chilolezo cha malonda odutsa malire palibe. Kukwatira kapena kukwatiwa ndi Mzambia pakokha palibe. Zimenezi ndi njira chabe zokafikira ku chilolezo chokhazikika: lamulo la 2010 loona za anthu olowa ndi kutuluka limalola amene wakhala zaka khumi ndi chilolezo cha ntchito, kapena zaka zisanu ndi chilolezo cha banja, kupempha chokhazikikacho. Ngati zaka zanu zakwana, yambani ndi ku Immigration, nyumba ibwere pambuyo. Ndipo ngati mmodzi mwa makolo anu anali mzika ya Zambia pamene munkabadwa, zomwe si zachilendo kwa ana a ku Mchinji, Kasungu ndi Mzimba, fufuzani za unzika wanu. Zambia inalola unzika wa mayiko awiri mu 2016, ndipo Malawi nayenso anasintha lamulo lake. Koma reji yopezera m'njira zokhotakhota, ponamizira mudzi wa eni ndi mfumu ya eni, ndi mlandu, ndipo tsiku limene mwakangana ndi woyandikana naye za malire ndi tsiku limene nkhaniyo idzatulukire.

Njira imene anzathu ambiri amathamangira ndi yolembetsa nyumba m'dzina la msuweni, mlamu kapena mnzawo wa kutchalitchi amene ali ndi reji. Ine ndinganene mosabisa kuti kumeneko ndi kumugulira nyumba munthuyo. Pamaso pa lamulo mwini ndi amene dzina lake lili pa taitolo, chikalata cha umwini wa malo. Atha kukatengera ngongole ku banki, atha kugulitsa, ndipo ngakhale akhale wokhulupirika ngati mngelo, akamwalira nyumbayo imalowa m'chuma chake chamasiye, inu n'kuyamba kukambirana ndi ana ake amene sanaone pamene munkapereka ndalama. Kukhoti mukanena kuti munalembetsa dzina lake pozemba lamulo, mwadziika nokha pamoto. Kwa okwatirana, kulemba dzina la amayi kapena abambo a kunyumba amene ali mzika n'kololedwa, koma zindikirani chimene mukuchita, ndipo kambiranani ndi loya mmene ndalama zanu zingaonekere pa pepala komanso za wilo.

Tinene kuti lamulo likukulolani. Ntchito yatsala ndi ya mapepala, ndipo nthawi ya mitengo yotsika ndi imene mapepala oola amatuluka ambiri, poti aliyense amene ali ndi malo ovuta amadziwa kuti ogula akuthamangira zotchipa. Taitolo yeniyeni imachokera ku unduna wa za malo. Kalata ya khonsolo yonena kuti munthu wavomerezedwa puloti si taitolo: khonsolo imangopereka maina, amene amapereka malo ndi Commissioner of Lands. Kalata yochokera kwa Commissioner yomupatsa munthu malo ili ndi mphamvu, komabe taitolo isanatuluke pamakhala zoti zikwaniritsidwe. M'makomboni ambiri nyumba zimakhala ndi chilolezo cha khonsolo chokhalira pamalo cha zaka 30, ndiye mukamayang'ana nyumba ku Mchini, Navutika kapena Magazine funsitsani kuti pepala lake ndi liti, mukalione ku Chipata City Council ngati dzina lili m'kaundula ndi la amene akukugulitsaniyo. Ku Kalongwezi kapena ku Moth n'kosavuta kupeza za taitolo, koma dzina la dera silitsimikiza kanthu. Lipirani kafukufuku ku Lands and Deeds Registry, ofesi ya kaundula wa malo. Ndalama yake ndi yochepa, ndipo amaonetsa mwini weniweni, ngati nyumbayo ndi chikole ku banki, komanso ngati wina anaikapo chiletso. Chimene kafukufukuyo sangakuonetseni ndi taitolo imene ili m'kabati ya munthu wa kaloba, wobwereketsa ndalama za katapila. Wogulitsa akamangokuonetsani fotokope, choyambirira chili kwa wina.

Nyumba zamasiye zimafuna kudekha kwapadera, ndipo zambiri zotchipa ndi zimenezi. Bambo amwalira, ana amwazikana, wina ali ku Lusaka, wina ku Kitwe, ndipo amene watsala pakhomo akufuna ndalama msanga. Lamulo la Intestate Succession Act la 1989 limati munthu akamwalira wopanda wilo n'kusiya nyumba, nyumbayo ndi ya mkazi kapena mwamuna wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo wamasiyeyo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atalowa banja lina. Amene anasankhidwa kuyendetsa chumacho si mwini wake, ndipo kuti agulitse amayenera kupeza chilolezo cha khoti. Musakhutire ndi mawu akuti "abale onse tinagwirizana". Pemphani kalata yomusankha, chilolezo cha khoticho, ndipo ngati n'kotheka muonane ndi amayi a pakhomopo maso ndi maso. Makhoti a ku Zambia akhala akuthetsa malonda otere, wogula n'kutsala akusakasaka munthu amene ndalama anadya kale.

Kunja kwa tauni, cha ku msewu wa Mfuwe, wa Chadiza kapena wa Lundazi, mupeza mapuloti otchipa kwambiri pa malo a mafumu a pansi pa Nkhosi ya Makhosi Mpezeni ndi ena. Kalata ya nyakwawa siyokwanira. Kuti malo otere asanduke a lizi pamafunika chilolezo cha mfumu yaikulu ya deralo, kuvomereza kwa khonsolo, kenako unduna, ndipo funso lija la unzika limakudikiraninso kumeneko.

Ndalama nazo zili ndi msampha wake kwa ife. Ngati mwakhala mukusunga ku banki ya ku Lilongwe kapena mukudalira kugulitsa puloti yanu ya kumudzi, kumbukirani kuti kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu May 2022 ndiponso ndi 44 pa 100 mu November 2023. Nyumba itha kutsika mtengo mu kwacha ya Zambia koma kwa inu n'kukhala itakwera. Werengerani mu ndalama imene mudzalipire, pa mtengo umene mungaipezeredi. Anyamata osintha ndalama pa Mwami sapereka lisiti, ndipo ndalama ya nyumba si yonyamula m'chikwama. Lipirani kudzera ku banki, makamaka ku akaunti ya loya amene aziisunga mpaka mapepala atayenda. Loyayo akhale wanu, wolembetsedwa ku Law Association of Zambia, osati amene wabwera ndi wogulitsa. Za ngongole, Zambia National Building Society ndi mabanki ena amabwereketsa zogulira nyumba, koma chiwongoladzanja cha mabanki a ku Zambia chakhala chikuposa 20 pa 100 pachaka. Masamu ake ndi achidule: ngati chiwongoladzanja cha chaka chimodzi chikuposa kwambiri lendi ya chaka ya nyumba yofanana nayo, kutsika kwa mtengo kuja sikunakupindulireni, banki ndi imene yapindula.

Malonda enieni amayenda motere. Mumasainirana mgwirizano, wogulitsa amapempha chilolezo cha boma chosinthira umwini, chomwe sichituluka ngati ali ndi ngongole ya msonkho wa nthaka, kenako amalipira msonkho wosinthira katundu ku ZRA, bungwe lotolera misonkho. Msonkhowu unakwera kuchoka pa 5 kufika pa 8 pa 100 kuyambira January 2025, ndipo mwalamulo ndi wa wogulitsa. Wogulitsa wopanikizika amayesa kuukankhira kwa inu, kapena amapempha kuti pa pepala mulembe mtengo wotsika. Kanani chachiwiricho. ZRA ili ndi mphamvu yoika mtengo wake, ndipo malonda akasokonekera khoti lidzayang'ana ndalama imene inalembedwa, osati imene munapereka. Mapepala osinthira umwini akasainidwa alembetsedwe msanga, chifukwa lamulo limaika nthawi ndipo ochedwa amatha mphamvu.

Nyumbayo muione kawiri, kamodzi kakhale mu January kapena February ngati mungathe kudikira. Chipata yazunguliridwa ndi mapiri, madzi amatsika mwamphamvu, ndipo puloti ya kufupi ndi Lunkhwakwa kapena ya m'dambo imaoneka bwino kwambiri mu October. Tengani mmisiri wanu akwere kudenga aone chiswe, ayang'ane ming'alu imene yabisidwa ndi penti yatsopano. Mufufuze mabikoni ndi wopima malo, chifukwa mpanda wa njerwa si malire. Ku Eastern Water ya madzi, ku ZESCO ya magetsi ndi ku khonsolo funsani ngongole zimene nyumbayo ili nazo, zichotsedwe pa mtengo. Walira mvula walira matope: misonkho ya khonsolo, ya nthaka, denga lodontha ndi thanki ya chimbudzi yodzaza, zonse zimene munkangoimbira alandilodi, tsopano ndi zanu, ndiye musathere ndalama yonse pa mtengo wogulira.

Pokambirana mtengo, mphamvu yanu ndi yakuti muli ndi pogona kale. Simukuthamangitsidwa, ndipo lendi ya miyezi itatu yowonjezera ndi yaing'ono poyerekeza ndi zimene mungachotsere pa nyumba imene yakhala miyezi yambiri osagulidwa. Funsani oyandikana nawo kuti yakhala nthawi yaitali bwanji pamsika komanso chifukwa chake akugulitsa. Amayi ogulitsa tomato pakona amadziwa zambiri kuposa ejenti. Ngati ntchito yanu ndi ya kontalakiti ya zaka ziwiri ndipo mwina mubwerera kumudzi, kumbukirani kuti msika umene wakupatsani nyumba motchipa udzakuvutaninso pogulitsa, ndipo mwina chanzeru ndi kupempha alandilodi achotsere lendi, poti nawonso akuopa nyumba kukhala yopanda munthu. Mukagula, notisi kwa alandilodi muipereke pokhapokha chilolezo cha boma chitatuluka, msonkho wa ZRA utalipidwa, ndipo amene ankakhala m'nyumbamo, kaya ndi mwini kaya ndi alendi ake, atatulutsa katundu n'kukupatsani makiyi onse.