Kodi apolisi angampeze munthu wokuvutitsani pa foni atabisa nambala?

Apolisi angathe kumpeza, ngakhale kuti ntchitoyo siyenda mwachangu monga mmene ambiri amaganizira. Munthu akabisa nambala yake, mwachitsanzo poyamba ndi #31# asanalembe nambala yanu, amangoibisa kwa inu nokha, koma makina a kampani ya lamya, kaya ndi TNM kapena Airtel, amasunga nambala yoimba, nambala yoimbiridwa, tsiku, nthawi, kutalika kwa kulankhulana, nsanja ya netiweki imene foniyo inkagwira, ngakhalenso nambala ya IMEI imene foni iliyonse ili nayo yakeyake. Ndipo popeza kuyambira mu 2018 bungwe la MACRA, loyang'anira makampani a lamya, linalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso cha unzika, kuseri kwa nambalayo kumakhala dzina la munthu.

Ntchito yanu iyambire pa kope ndi cholembera. Foni yotereyi ikalira, lembani tsiku ndi nthawi yeniyeni mpaka mphindi yake, pamodzi ndi mawu amene woimbayo wanena, kapenanso kuti anangokhala duu osayankhula. Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Popeza nambala ya munthuyo siikudziwika, wofufuza amayamba ndi mndandanda wa mafoni onse amene analowa pa nambala yanu, kenako n'kufananitsa ndi nthawi zimene mwamupatsa. Mukangonena kuti "amandiimbira cha usiku", mwamupatsa ntchito yofunafuna njere imodzi ya mawere m'nkhokwe ya chimanga. Musafufute mndandanda wa mafoni olowa, ndipo muujambule pa foni yomweyo chifukwa mafoni ena amataya okha zakale. Musamubwezere chipongwe, pakuti mawu anuwo akhoza kudzamveka m'khoti. Musafulumirenso kutaya simukhadi yanu.

Kupita ku ofesi ya kampani ya lamya kukafunsa dzina la munthuyo n'kutaya ndalama ya minibasi pachabe. Gawo 21 la Malamulo Oyendetsera Dziko limateteza chinsinsi cha zimene anthu amalankhulana pa lamya, choncho kampani imapereka zimenezi kwa apolisi amene abwera ndi chikalata cha khoti. Pitani ku polisi ya kufupi ndi kwanu, kaya ndi ku Ndirande, ku Limbe, ku Soche, ku Bangwe kapena ku Chilomoni, mutatenga foni, kope lija ndi chiphaso chanu. Mukapereka sitetimenti, funsani dzina la wapolisi amene wapatsidwa nkhaniyo komanso nambala ya dandaulo lanu, ndipo muzibwererako kukafunsa pamene zafika, chifukwa kunena zoona nkhani za mtunduwu zimakwiririka msanga pansi pa milandu ya kuba ndi yovulazana.

Nkhani imeneyi ndi mlandu ndithu, ndipo musachite nayo manyazi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, pa gawo 87, limaletsa kugwiritsa ntchito njira zamakono zolumikizirana posokoneza mtendere wa munthu mwadala komanso mobwerezabwereza, ndipo chilango chake chimafika pa chindapusa cha K1,000,000 ndi ukaidi wa miyezi 12. Mawu akuti mobwerezabwereza ndiwo akuchititsa kuti kope lija likhale lofunika kwambiri. Ngati mukukayikira kuti woimbayo ndi munthu amene munali naye pabanja, funsani ofesi ya Victim Support Unit, yothandiza anthu ochitiridwa nkhanza, pa polisi pomwepo, pakuti lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limalola khoti kupereka chiletso choti asakuvutitseninso.

Pali zimene zimalepheretsa. Simukhadi zina zinalembetsedwa ndi chiphaso cha munthu wina, mwina chotola kapena cha agogo a kumudzi amene sadziwa kanthu, ndipo zikatero dzina limene latuluka si la wolakwayo. Apa nambala ya IMEI imathandiza, chifukwa ambiri amasintha simukhadi koma foni n'kukhala yomweyo, ndiye tsiku limene adzaikamo simukhadi yawo yeniyeni amadziulula okha. Nsanja ya netiweki imangosonyeza dera, ndipo pa malo odzaza anthu ngati Mbayani nsanja imodzi imatumikira nyumba zambirimbiri. Mafoni odzera pa intaneti ndiwo ovuta koposa: kampani ya kuno siiona nambala imene yakuimbirani pa WhatsApp, ndipo kampani ya Meta, imene ndi mwini wake wa WhatsApp, ili ku America.

Mukapereka umboni, mungathe kutseka onse obisa nambala, pakuti mafoni ambiri amakono ali ndi malo ochitira zimenezi, koma yambani mwafunsa wofufuzayo ngati sakufuna kuti munthuyo akuimbireni kaye maulendo ena angapo. Ngati woimbayo waopseza kukuphani, kapena watchula kumene ana anu amaphunzira, pitani ku polisi tsiku lomwelo ngakhale m'kope muli mzere umodzi wokha.