Momwe mungapemphere chigawo cha ku Canada kuti chikusankheni kukhazikika

Ngati muli kale ku Canada pa pemiti ya ntchito ndipo mukufuna chilolezo chokhazikika, njira imene ambiri a ife timadzera ndi ya Provincial Nominee Program, imene aliyense amangoitchula kuti PNP. Chigawo chimakusankhani poyamba, kenako boma lalikulu, kudzera ku IRCC, nthambi yake yoona za anthu olowa m'dziko, ndilo limapereka chilolezocho. Zigawo zonse zili ndi ndondomekoyi kupatula Quebec, imene ili ndi dongosolo lakelake, ndi Nunavut. Ine ndinadzera ku Manitoba, choncho zambiri zimene ndinene zichokera kumeneko.

Choyamba, werengani miyezi imene mwagwira ntchito, chifukwa chigawo chilichonse chili ndi muyeso wake. Ku Manitoba amafuna kuti mukhale mutagwira miyezi 6 yotsatizana, ntchito ya maola okwanira, kwa bwana yemweyo amene akukulonjezani ntchito yokhalitsa. Ku Alberta, mu Alberta Opportunity Stream, amafuna miyezi 12 pa ntchito imene muli nayoyo m'kati mwa miyezi 18 yapitayi. Pemiti yanu iyenera kukhala yamoyo pamene mukupempha. Dziwaninso kuti kukwanitsa zofunika sikutanthauza kuti mwaitanidwa, popeza mumalowa pa mndandanda wopikisana ndi anzanu, ndipo mu 2025 boma linachepetsa malo a PNP kuchoka pa 110,000 kufika pa 55,000.

Chachiwiri ndi mayeso a chilankhulo. Ngakhale kuti kwathu tinaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale, satifiketi ya MSCE salandira m'malo mwa mayesowa. Lembani IELTS General Training kapena CELPIP, osati IELTS Academic, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka 2 zokha. Kwa ogwira ntchito za m'magulu a TEER 4 ndi 5, zimene sizifuna maphunziro apamwamba, mulingo wotsikitsitsa ndi CLB 4 pa sikelo ya boma yoyezera chilankhulo, koma amene angofika pa mzere womwewo amatsalira m'mbuyo pa mapointi.

Tsopano nkhani ya nambala ya ntchito, imene inandidyera nthawi yaitali. Ntchito iliyonse ku Canada ili ndi nambala yake ya manambala asanu m'buku la NOC, ndipo kuyambira mu Novembala 2022 ntchitozi zinagawidwa m'magulu a TEER 0 mpaka 5. Ine ndinasankha nambala potsatira dzina la udindo limene linali pa kontirakiti yanga, poti linkamveka lapamwamba ngati la woyang'anira anthu, pomwe tsiku ndi tsiku ndinkangoyendetsa makina ndi kulemba zimene zatuluka pa shifiti. Kalata imene a kuntchito anandilembera inali ya mizere itatu: dzina langa, udindo, ndi tsiku loyambira. Oona mafomu sayang'ana dzina la udindo ayi, amayerekeza zimene mumachita ndi zimene zalembedwa pansi pa nambalayo, ndipo atandifunsa umboni wina ndinalibe choti ndiwaonetse. Ndinayambiranso, ndipo pamene ndinkadikira kalata yatsopano zotsatira za IELTS zinatha mphamvu, moti ndinalipiranso mayeso kachiwiri.

Choncho musanalembe fomu iliyonse, tsegulani NOC, werengani ntchito zikuluzikulu zimene zandandalikidwa, ndipo musankhe nambala imene mbali yaikulu ya ntchitozo mumazichitadi. Kenako pemphani kalata ya pa pepala la kampani yosonyeza masiku, maola a pa sabata, malipiro, ndi ntchito zanu m'mawu a bwanayo. Musakopere ndime za NOC liwu ndi liwu, chifukwa kalata yotere imakayikitsa. Sungani mapeyisilipi onse ndi mafomu a msonkho a T4.

Pa ndalama, Manitoba amalipiritsa madola 500 a ku Canada pa pempho la ogwira ntchito, pomwe Ontario amafuna madola oposa 1,000. Ngati wina akukugulitsani kalata ya ntchito kapena LMIA (chikalata cha boma chololeza bwana kulemba ntchito munthu wa kunja) pa WhatsApp, mutalikireni, popeza madola 1,000 a LMIA amalipira ndi bwana ndipo lamulo limamuletsa kukubwezetsani ndalamazo. Mlangizi wolipidwa ayenera kukhala loya kapena wolembetsedwa ku College of Immigration and Citizenship Consultants, ndipo dzina lake mungalifufuze nokha pa intaneti. Akanama pa fomu yanu, woletsedwa kupempha kwa zaka 5 ndi inuyo.

Mapepala a sukulu a kwathu atumizeni msanga ku bungwe lowayerekeza ndi a ku Canada, monga WES. Kalata ya polisi imafunika kuchokera ku dziko lililonse kumene munakhala miyezi 6 kapena kuposerapo mutakwanitsa zaka 18, kotero amene munadzera ku South Africa mufunika ziwiri.

Chigawo chikakusankhani kudzera mu Express Entry, dongosolo la boma lalikulu losankha anthu potsatira mapointi, mumalandira mapointi 600, ndipo mukaitanidwa mumakhala ndi masiku 60 oti mutumize zonse. Zinanso zofunika ndi kupimidwa kwa dokotala wovomerezeka ndi IRCC, zidindo za zala pa madola 85, ndi kupempha pemiti yodikirira ngati yakaleyo yatsala pang'ono kutha.