Chipewa cha Panama: kuchidziwa chenicheni komanso kuchisamala

Ngati mumakonda zipewa zazikulu zotambalala zija zophimba nkhope ndi khosi lomwe, tsiku lina mudzakumana nacho chomwe ogulitsa amati cha Panama, kaya pa intaneti kaya pa kaunjika. Musanatulutse ndalama dziwani kaye kuti kwawo si ku Panama ayi, chimalukidwa ku Ecuador makamaka ku Montecristi ndi ku Cuenca. Zipewazi zinkangodutsira ku Panama popita kumisika yakunja, ndiye mu 1906 pulezidenti wa America Theodore Roosevelt anajambulidwa atavala china pokayendera ngalande ya Panama, dzina nkukakamira mpaka lero. Ine zimandiwawa ndithu, oluka ali kwina mbiri ikupita kwina.

Ndiye mukachipeza chitembenuzeni muyang'ane mkati, pakatikati penipeni pomwe pamagunda liwombo. Woluka amayambira pamenepo ndiye mukuyenera kuona kaduwa kozungulira, ulusi wake ukuchoka pakati kumwazikira mbali zonse. Mukaona timizere tosokedwa ndi mashini tikuzungulira ngati nkhata, chimenecho ndi cha ku fakitale ndipo zambiri zotero zimakhala za pepala. Chenicheni amaluka ndi manja kuchokera ku masamba anthete a chomera chotchedwa toquilla, amawang'amba timizere, kuwawiritsa kenako kuwayanika, sizikusiyana kwenikweni ndi momwe timaonera anthu akukonza mlaza.

Kenako chikwezeni padzuwa. Choluka bwino sichionetsa timabowo tambiri, komanso timizere tikakhala tating'ono kwambiri ndiye kuti ntchito inali yaikulu ndipo mtengo nawo umakwera. Chokhakhala woluka amamaliza tsiku limodzi kapena masiku ochepa koma zosalala ngati nsalu za ku Montecristi zimatha miyezi, zina mpaka 8, munthu atawerama pachifuwa atatsamira kathabwa, akuluka mbandakucha kapena madzulo kukakhala chinyontho kuti timizere tisathetheke. Nchifukwa chake mu 2012 a UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, anaika luso limeneli pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lonse lapansi. Mukaona pena pasiyana pang'ono mtundu kapena kalukidwe musadandaule, ndi dzanja la munthu limenelo.

Apa ndiye pomwe ambiri timalakwitsa, kagwiridwe. Tinazolowera kutsina chipewa pamwamba kutsogoloku ndi zala povala ndi povula, koma pamenepo ndi pomwe chimayambira kuthetheka ndipo pakathetheka palibe telala angakusokereni, ndiye muzichigwira m'mphepete ndi manja awiri mpaka chizolowezi chilowe. Pochiika pansi chigadamitseni, kumutu kukhale pansi mphepete m'mwamba, apo ayi mphepete imaphwatalala nkutaya maonekedwe.

Mvula ayi. Ichi ndi cha dzuwa, chikanyowa mwangozi chisiyeni chiume chokha pamthunzi, osati pafupi ndi mbaula. Musachisiyenso m'galimoto yotseka masana, chimauma gwaa nkuyamba kuthyoka. Nyengo ikauma kwambiri ngati mu Okutobala muziwazako timadzi pang'ono kamodzikamodzi, pang'ono basi, kuti chifewe.

Chikapindika wiritsani madzi mu ketulo, chiyendetseni pa nthunzi masekondi ochepa mpaka chifewe ndiye muwongole ndi manja pang'onopang'ono, chizizire chili momwe mukufunira. Mphepete mutha kuisita ndi simbi yongofunda mutayala kansalu konyowa pamwamba. Fumbi pukutani ndi burashi yofewa, thukuta la pa kalamba kamkati kaja ndi kansalu konyowa, chiume kaye musanachisunge chifukwa nthawi ya dzinja chimachita chuku msanga.

Ogulitsa ena adzakuuzani kuti mutha kuchikulunga nkuchiponya m'chikwama. Zilipo zina zofewa zomwe anazipangira zimenezo, koma chanu ngati chili ndi mphepete youma komanso lamba wachikopa mkati musayesere, paulendo chivaleni pamutu kapena chikhale pamiyendo.